Gulu lolipira la ma tip a masheya a mankhwala pa Telegram, ndemanga yanga

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inbox za gulu lija la pa Telegram lomwe linki yake ikumazungulira m'magulu athu a Amalawi kuno ku Johannesburg, lija limati limakuuzani msanga kampani ya mankhwala imene eni ake a private equity (makampani ogula makampani ena kuti adzawagulitse pa phindu) atsala pang'ono kugulitsa gawo lawo kuti inu mugule masheya mtengo usanakwere. Ndakhalamo miyezi ingapo ndikulipira ngati wina aliyense nde ndati ndilembe pamodzi zonse m'malo moyankha mmodzimmodzi. Dzina la gululo ndi la adimini wake sinditchula, amene muli momwemo mukulidziwa kale, komanso magulu otere alipo ambiri ndipo amafanana kachitidwe kake moti zomwe ndinene pano zikhudza enawo.

Maganizo anga ndi awa, gululi lili ndi zinthu zingapo zabwino ndithu zimene ndizitchula, koma chinthu chenicheni chimene amakulipiritsirani, chija amati a private equity akamatuluka mtengo umakwera, sichoona mmene amachinenera. Pena umakwera pena umatsika, ndipo chimene chimasiyanitsa si mphekesera ayi koma njira imene akugulitsira, akugulitsa kwa ndani, pa mtengo wanji, komanso ngati kampaniyo payokha ikuyenda bwino. Zimenezi gululi silikuphunzitsani mokwanira chifukwa mukazidziwa simungaonenso chifukwa cholipirira mwezi ndi mwezi.

Mukalipira amakulowetsani mu chanelo imene amalemba ndi adimini yekha, kenako pali kagulu kena kocheza komwe aliyense amalemba. Mu chanelomo m'mawa uliwonse mumabwera mndandanda wa makampani a mankhwala amene akumveka mu nkhani, ambiri ndi a ku India, ena a ku Ulaya, pang'ono a pa JSE, msika wa masheya wa kuno ku Johannesburg. Pamakhala ma sikirinishoti a nkhani za m'manyuzipepala a zamalonda, tchati cha mtengo chojambulidwa mizere, kenako voisi noti ya adimini kufotokoza. Kumapeto kwa sabata amapanga laivi yoyankha mafunso. Malipiro ndi a pamwezi ndipo si kandalama kochepa kwa munthu amene akulipira lendi kuno kwinaku akutumiza ina kumudzi, palinso gawo lina lodula kwambiri lomwe amati VIP, limenelo sindinalowemo nde sindinenapo kanthu.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo. Adiminiyo amatha kufotokoza zinthu zovuta m'mawu osavuta, zimenezi ndimuyamikire. Ine mmene ndinkalowa ndinkangomva kuti private equity private equity koma iye anafotokoza bwino kuti awa ndi makampani monga KKR, EQT, Carlyle, Advent, Blackstone amene amasonkhanitsa ndalama kuchokera ku mabungwe a penshoni, a inshulansi ndi maboma olemera, n'kugula makampani, kuwakonza kapena kuwakulitsa kwa zaka zingapo kenako kugulitsa. Thumba lawo la ndalama limakhala ndi nthawi yake, kawirikawiri zaka ngati 10, nde sangakhale ndi kampani mpaka kalekale, eni ndalama aja amafuna zawo zibwerere ndi phindu. Ndekuti tsiku limene KKR yagula kampani, aliyense pamsika amadziwa kale kuti tsiku lina idzagulitsa. Mfundo imeneyi anaifotokoza bwino kwambiri, chomvetsa chisoni n'choti iyeyo saona kuti ikuphwanya bizinesi yake yomwe, chifukwa ngati aliyense akudziwa kuti adzagulitsa ndiye chinsinsi chimene tikulipiracho ndi chiti.

Chabwino china ndi kalendala yake ya lock-up. Kampani ikangolowa pamsika wa masheya, eni ake akale amaletsedwa kugulitsa kwa kanthawi, ku Ulaya kawirikawiri ndi masiku 180, ku India amene anali ndi masheya kampani isanalowe pamsika amadikira miyezi 6. Gululi limasunga mndandanda wa masiku amene chiletso chikutha ku makampani osiyanasiyana ndipo amakukumbutsani kukatsala sabata. Izi n'zothandiza zedi, ungazipeze wekha mu prospectus, buku limene kampani imatulutsa ikamalowa pamsika, koma zimatenga nthawi ndipo mabuku amenewo ndi masamba mazanamazana. Komanso block deal, kutanthauza kugulitsa mulu waukulu wa masheya nthawi imodzi, ikachitika m'mawa ku Mumbai uthenga umafika msanga, kuno kumakhala kusanache bwinobwino. Pa liwiro sindingawanene.

Tsopano nkhani yomwe inandionetsa bwino vuto la gululi ndi ya JB Chemicals & Pharmaceuticals ya ku Mumbai, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa muli zonse m'menemu. Kampaniyi imapanga mankhwala ngati Cilacar ndi Nicardia a BP, Metrogyl, Rantac, ndipo kuno ku South Africa ili ndi nthambi yake yotchedwa Biotech Laboratories nde si yachilendo kwenikweni kwa ife. KKR inagula gawo la pafupifupi 54 peresenti mu 2020 kuchokera ku banja la a Mody lomwe linayambitsa kampaniyi, pa mtengo wa ma rupee 745 sheya imodzi. Mu 2023 masheya anagawidwa pawiri ndekuti mtengo umene KKR inagulira uja ukhala ngati 372 ndi theka pa sheya ya masiku ano. Kuyambira 2024 manyuzipepala a ku India ankangolemba kuti KKR ikufuna kutuluka, akutchula Torrent Pharmaceuticals ya ku Ahmedabad ndi ena kuti akufuna kugula, kenako kumveka kuti zokambirana zaima chifukwa sakugwirizana mtengo, kenako zayambiranso, chonchobe.

M'gulu mwathu JB inali ngati nyimbo ya tsiku ndi tsiku. Uthenga wake unali umodzi basi, wogula akabwera adzalipira pamwamba pa mtengo wa pamsika, gulani pano. Mu March 2025 KKR inagulitsa kachigawo kena ka masheya ake pamsika kudzera mu block deal, pa mtengo wotsikirapo, ndipo mtengo unagwa tsiku limenelo. Chimenechi chinali chizindikiro chooneka ndi maso kuti mwini wamkulu ndi wokonzeka kulandira ndalama yochepera mtengo wa pamsika bola atuluke, koma m'gulu munangonenedwa kuti ndi mwayi wogula motchipa. Nde pa 29 June 2025, Lamlungu, chilengezo chinatuluka. Torrent ikugula gawo la KKR la 46.39 peresenti pa ma rupee 1,600 sheya imodzi, ndalama yonse ma rupee pafupifupi 119 biliyoni, ndipo kwa anthu wamba okhala ndi masheya inapereka open offer, mwayi woti nawonso aigulitse masheya awo, mpaka 26 peresenti ya kampani, pa ma rupee 1,639.18 monga malamulo a SEBI, bungwe loyang'anira misika ya masheya ku India, amafunira munthu akatenga gawo lalikulu chonchi. Lachisanu, chilengezo chisanatuluke, msika unatseka sheya ili cha m'ma 1,800. Mwaonatu, dili imene anthu ankaidikirira chaka chathunthu inabwera pansi pa mtengo wa pamsika osati pamwamba, Lolemba m'mawa mtengo unatsika.

KKR inaluza? Ayi ndithu. Kuchoka pa 372 kufika pa 1,600 ndi kuchulukitsa ndalama kupitirira kanayi m'zaka zisanu, osawerengera ma dividendi, phindu limene kampani imagawira eni masheya. Kwa iwo 1,600 ndi phwando. Amene zinamuvuta ndi munthu amene anagula pa 1,800 chifukwa cha mphekesera. Apa ndi pamene ndimafuna anzanga mumvetse, wogulitsa wa private equity amayang'ana mtengo umene iye anagulira zaka zapitazo ndi nthawi imene thumba lake latsala nayo, sayang'ana kuti inu munagula pa zingati sabata yatha. Komanso munthu wogulitsa theka la kampani nthawi imodzi ogula ake ndi owerengeka, mwina awiri atatu dziko lonse, nde wogulayo ali ndi mphamvu zokakamira mtengo. Mphekesera zija zinali zitakweza kale mtengo pamsika, Torrent inangokana kulipira kukwera kumene mphekesera za iyo yomwe zinabweretsa.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi mmene gululi linachitira pambuyo pake. Palibe voisi noti yofotokoza kuti zimene tinkayembekeza sizinachitike ndipo chifukwa chake ndi ichi. M'malo mwake munabwera uthenga woti tinanena kale kuti Torrent igula, zomwe n'zoona anali atanena, koma nyuzipepala iliyonse ya ku India inali itanenanso ulere, ndipo anthu sanalipire kuti adziwe dzina la wogula, analipira kuti adziwe kumene mtengo ulowere. Mauthenga akale aja olimbikitsa kugula ena anasowa mu chanelo. M'kagulu kocheza munthu wina anafunsa mwaulemu ndithu za nkhaniyi, funso lake silinakhalitse. Ine zimenezi ndimaziona ngati vuto lalikulu kuposa kulakwitsa kulosera, chifukwa kulosera aliyense amaphonya, koma gulu lolipiritsa anthu liyenera kusunga mbiri ya zonse zimene linanena, zopambana ndi zogwa zomwe, pamalo poti membala aliyense aziona ndi madeti ake.

Kenako pali nkhani ya Galderma ya ku Switzerland imene inayenda mosiyana kwambiri. Iyi ndi kampani ya mankhwala a khungu, amene mumagwiritsa ntchito Cetaphil kapena Differin ndi yomweyo, imagulitsanso Dysport, Restylane ndi Sculptra zija anthu amabayitsa kumaso. Kale inali ya Nestlé, mu 2019 gulu lotsogozedwa ndi EQT ya ku Sweden pamodzi ndi thumba la boma la Abu Dhabi ndi ena linaigula pa ma franc 10.2 biliyoni. Pa 22 March 2024 inalowa pamsika wa SIX ku Zurich pa ma franc 53 sheya imodzi. Mu August chaka chomwecho L'Oréal inagula 10 peresenti kuchokera kwa a EQT aja, ndipo chiletso chitatha iwo anayamba kugulitsa masheya awo m'magawomagawo, usiku msika utatseka mabanki amaimbira ogula akuluakulu, pofika m'mawa zatheka, mtengo wake wotsikirapo pang'ono. Anachita zimenezi kangapo mu 2024 ndi 2025.

Apa adimini ananena zosemphana ndi za JB. Ankati eni ake akuthawa, mtengo ugwa, musayandikire. Ndipo n'zoona m'mawa wa tsiku logulitsa mtengo umatha kutsika pang'ono, zili ngati munthu wabwera ndi lole yodzadza matumba a chimanga pamsika waung'ono, tsiku limenelo mtengo umafewa kaye. Koma pofika kumapeto kwa 2025 sheya ya Galderma inali itadutsa kutali kuwirikiza kawiri mtengo uja wa 53. Chifukwa chake sichinali EQT, chinali bizinesi. Mankhwala awo atsopano a Nemluvio analoledwa ndi FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku America, mu August 2024 pa matenda a khungu oyabwa kwambiri otchedwa prurigo nodularis, mu December analoledwanso pa eczema, malonda a zobaya zija ankakula, ndipo nthawi iliyonse EQT ikagulitsa ogula ankapezeka okwanira. Kugulitsa kwawoko kunkathandizanso mbali ina chifukwa masheya oyenda pamsika ankachuluka nde mabungwe akuluakulu amene sagula kampani yokhala ndi masheya ochepa pamsika ankatha kulowa.

Nde taonani, gulu lomwelo, adimini yemweyo, pa JB akuti a private equity akutuluka gulani, pa Galderma akuti a private equity akutuluka thawani, ndipo konseko mtengo unapita mbali ina. Sindikunena kuti munthuyo ndi wakuba, ndikuganiza kuti amakhulupiriradi zimene amanena. Koma njira yake ilibe maziko, imangotengera mutu wa nkhani ya tsiku limenelo.

Kutuluka kwa a private equity kuli mitundu yosiyana ndipo gululi limaiphatikiza yonse ngati chinthu chimodzi. Akagulitsa gawo lonse kwa kampani ina ya mankhwala, mtengo ukhoza kukhala pamwamba kapena pansi pa wa pamsika, zimatengera kuti opikisana kugula alipo angati komanso mphekesera zakweza kale mtengo mpaka pati. Akagulitsa pang'onopang'ono pamsika, pafupifupi nthawi zonse amachotsera mtengo pang'ono, ndipo msika umadziwa kuti atsala ndi ena oti adzagulitse nde mtengo umatha kukhala wolemedwa mpaka atamaliza, pokhapokha ngati bizinesi ikukula mwamphamvu ngati Galderma. Akagulitsa kwa a private equity anzawo pa kampani yomwe sili pamsika, ngati mmene Bain Capital ndi Cinven anagwirizana zogulitsa gawo lalikulu la Stada ya ku Germany kwa CapVest mu 2025, inu ndi ine palibe chimene tingagule, koma gululi linatumizabe nkhani ya Stada kambirimbiri nthawi imene kunkamveka kuti ilowa pamsika wa Frankfurt, anthu n'kumafunsa kuti tigula bwanji, mapeto ake sinalowe n'komwe.

Ndipo pali mphekesera zina zimene zimangofera m'malere. Mu 2023 India yense ankakamba za Cipla, kuti banja la a Hamied likugulitsa gawo lake, akutchula Blackstone, akutchulanso Torrent yomweyi. Cipla ife timaidziwa bwino, ndi imene mu 2001 inalengeza kuti ipereka ma ARV a chaka chonse pa madola 350 pamene makampani a kumadzulo ankalipiritsa madola oposa 10,000, abale athu ambiri ali moyo lero chifukwa cha mankhwala otchipa a ku India. Mphekesera zija zinayenda miyezi, dili sinachitike. Ndinafunsa pa laivi ina kuti pa mphekesera zonse zimene gululi latumizapo ndi zingati zimene zinafika pa dili yeniyeni, yankho linali lozungulira, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe amene anawerengapo.

Vuto lina limene anthu salidziwa asanalipire, ndipo ili likanayenera kulembedwa poyera pa tsamba lolipirira, ndi lakuti ma tip ambiri ndi a makampani a pa NSE ndi BSE, misika ya masheya ya ku India, pamene munthu wamba amene si Mmwenye sangangotsegula akaunti n'kugula masheya a kumeneko. Amwenye okhala kunja ali ndi njira yawo, mabungwe akunja amalembetsa ku SEBI, koma Mmalawi wa pasipoti yake ali ku Randburg kapena ku Lilongwe, ma app amene timagwiritsa ntchito alibe JB Chemicals. Alipo ochepa ngati Dr. Reddy's amene masheya ake amagulitsidwanso ku New York, koma ambiri ayi. Ngakhale Galderma imafuna buloka, wokugulira masheya pamsika, amene amafika pamsika wa Zurich. Ndekuti gawo lalikulu la zimene ukulipira ukungoonerera. Anthu akadandaula zimenezi m'kagulu kocheza mumabwera linki ya pulatifomu ina ya kunja ya ma CFD, kumene sugula sheya yeniyeni koma umabetcha pa mtengo ndi ndalama yobwereka, mtengo ukangotsika pang'ono ndalama yako yonse imatha kupita. Linkiyo ili ndi kodi ya adimini kumapeto kwake, aliyense amene anaonapo ma linki otere akudziwa tanthauzo lake, ndipo palibe pamene anatiuza poyera kuti amalandirapo kanthu. Apa ndiye sindinasangalale m'pang'ono pomwe, chifukwa anthu amene ali m'gulumu ambiri ndi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, m'magalaja, m'mashopu, madalaivala, ndalama yawo ndi ya thukuta lenileni.

Pa makampani a pa JSE amene tingathedi kugula, gululi ndi lofooka modabwitsa. Tengani Adcock Ingram, eni Panado, Corenza C, Bioplus ndi Allergex, mankhwala amene ali m'nyumba ya aliyense kuno. Mu July 2025 Natco Pharma ya ku Hyderabad inapereka R75 pa sheya kuti igule masheya a anthu ang'onoang'ono, kufika pa 35.75 peresenti ya kampani, Bidvest n'kutsala ndi gawo lake lalikulu, kenako kampaniyo inachoka pa JSE. Apa amene anali ndi masheya anapindula ndithu chifukwa R75 inali pamwamba kwambiri pa mtengo wa pamsika. Gululi linatumiza nkhaniyi itatuluka kale pa SENS, pomwe makampani a pa JSE amatulutsira zilengezo zawo, kenako n'kuiika pa mndandanda wa zopambana zake ngati chitsanzo cha private equity, chonsecho Bidvest si private equity, ndi kampani ya pa JSE yomweyo ndipo sinagulitse n'komwe gawo lake, Natco nayo ndi kampani yopanga mankhwala. Munthu wolipiritsa anzake pa nkhani zimenezi sayenera kusokoneza zinthu zoyambirira chonchi.

Aspen Pharmacare nayo inationetsa kuti masheya a mankhwala amagwedezeka ndi zinthu zina zazikulu kuposa za eni masheya. Mu April 2025 Aspen inalengeza kuti pali mkangano pa kontirakiti ina yopangira kampani ina mankhwala a mRNA, ndipo phindu lake likhoza kuchepa ndi ndalama zokwana R2 biliyoni, tsiku limodzi lokha sheya inagwa pafupifupi 30 peresenti. Palibe KKR kapena EQT pamenepo. Kontirakiti imodzi, kalata yochenjeza yochokera ku FDA ikayendera fakitale, patenti (chilolezo choti kampani ipange mankhwalawo yokha) ikatha, boma likasintha mitengo ya mankhwala kapena tenda ya ma ARV ikapita kwa wina, izi ndi zimene zimasuntha mitengo ya makampani amenewa zaka ndi zaka. M'miyezi yonse imene ndakhala m'gululi sindinaonepo adimini akutsegula lipoti la pachaka la kampani n'kutionetsa ngongole zake, mankhwala amene amabweretsa ndalama zambiri ndi ati, patenti yake ikutha liti. Zonse ndi akuti akuti, magwero odalirika anena.

Pa za magwero odalirikazo ndinenepo mosabisa. Adimini amakonda kulankhula ngati ali ndi anthu mkati mwa mabanki amene akukonza ma dili. Ngati n'zoona ndiye kuti akugawa nkhani zamkati, umene ndi mlandu kuno, ku India ngakhale ku Switzerland, ndipo wogula potengera nkhani zoterozo nayenso ali pa mlandu. Ngati si zoona ndiye kuti akungowerenga manyuzipepala omwewo amene tonse tingawerenge. Ine nditafananitsa nthawi ya mauthenga ake ndi nthawi imene nkhani zinatuluka pa intaneti ndinapeza kuti nthawi zonse nyuzipepala ndi imene imayamba, iye amabwera pambuyo ndi mphindi zingapo. Ndinapemphanso nambala ya FSP, imene ndi nambala ya laisensi yake, chifukwa kuno munthu wopereka malangizo a zachuma molipiritsa amayenera kukhala ndi laisensi ya FSCA, bungwe loyang'anira opereka ntchito za zachuma ku South Africa, ndipo nambalayo umatha kuifufuza wekha pa webusaiti yawo, ndinangouzidwa kuti gululi ndi la maphunziro chabe. Koma uthenga wonena kuti gulani pa mtengo uwu, gulitsani pa mtengo uwu, ine sindingautche maphunziro.

Zambiri mwa zimene gululi limagulitsa zilipo zaulere ndipo zoyambirira. Makampani a pa JSE akakhala pa zokambirana zimene zingasunthe mtengo amatulutsa cautionary, chilengezo chochenjeza eni masheya, pa SENS, aliyense amawerenga nthawi imodzi. Ku India mawebusaiti a NSE ndi BSE amaonetsa zilengezo za kampani iliyonse, ma block deal ndi malonda ena akuluakulu a masheya a tsiku limenelo ndi maina a ogula ndi ogulitsa, komanso miyezi itatu iliyonse amaonetsa kuti eni akuluakulu atsala ndi maperesenti angati. Kuyambira June 2024 SEBI inalamula makampani 100 akuluakulu, kenako 250 kuyambira December, kuti mphekesera ikasuntha mtengo kwambiri azivomera kapena kukana poyera pasanathe maola 24. Ku Switzerland makampani amatulutsa zilengezo zawo pa webusaiti ndipo ukhoza kulembetsa imelo yako kuti zizikufika. Chingerezi chake ndi cholimba inde, poyamba chimatopetsa, apa ndi pamene munthu ngati adimini uja akanathandiza kwambiri akanakhala kuti amatenga chilengezo chenicheni n'kuchimasulira mzere ndi mzere, luso limenelo ali nalo.

Kagulu kocheza kaja kali ndi anthu ena anzeru kwambiri, ndaphunzira zambiri kwa mamembala anzanga kuposa mu chanelo. Muli mayi wina amene amagwira ntchito mu famase, iye ndi amene amatiuza mankhwala amene akuyenda pa kauntala ndi amene madokotala asiya kulemba, zinthu zimene tchati sichingakuuze. Muli ndi achinyamata angapo ophunzira za akaunti amene amayankha mafunso a misonkho moleza mtima. Koma mumadzadzanso ma sikirinishoti a phindu amene sungadziwe ngati ndi akaunti yeniyeni kapena ya demo yongoyeserera, ndipo amene aluza salemba, amangotuluka mwakachetechete, nde wobwera kumene amaona ngati aliyense akudya bwino.

Kuletsa malipiro ndi kosavuta, izi ndiwayamikire, umangosiya kulipira mwezi ukatha amakuchotsa, palibe kukokana. Kubweza ndalama ndiye kulibe ngakhale utatuluka tsiku lachiwiri.

Pa nyenyezi zisanu ndikupatsa ziwiri, imodzi ya kalendala ya lock-up ndi liwiro la mauthenga, ina ya mafotokozedwe a adimini kwa munthu woyamba kumene. Amene ali ndi buloka wofika misika ya kunja ndipo amadziwa kale kuwerenga zilengezo payekha akhoza kulipira mwezi umodzi, kukopera kalendala ija n'kutuluka. Amene muli ndi akaunti ya pa JSE yokha, ndipo ndalama yake ndi yomwe ija mumayenera kutumiza ya fizi kapena ya feteleza, gululi silikupatsani chimene mungagwiritse ntchito, ndipo linki ya ma CFD ija musaidine. Ngati mwalowa kale ndipo mukufuna kudziyesera nokha, tsegulani kope, tip iliyonse ikabwera lembani deti, dzina la kampani, mtengo wa tsiku limenelo ndi zimene adimini wanena kuti zichitika, jambulaninso sikirinishoti chifukwa mauthenga amasowa, pakatha miyezi itatu bwererani muone mitengo ili pati musanalipire mwezi wachinayi.